Giredi imodzi koma amayi akulandira zochepa, ndiuze bwana bwanji?

NaBanda: Anzanga a HR ndithandizeni msanga, bwana akufuna lipoti Lolemba. Ndimakonza payroll ndiye ndaona kuti ma supervisor a giredi imodzi amayi onse ali pansi, basic (malipiro opanda zowonjezera) siikusiyana kwenikweni koma ikafika gross (zonse pamodzi ndi zowonjezera) eee. Ovataimu, shift ya usiku, ma alawansi a ku field zonse ndi za abambo. Wina wakhala pa notch yomweyo (sitepe ya malipiro mkati mwa giredi) chifukwa appraisal inachitika ali ku matenite, palibe anamudzadzira fomu

Achimwene Payroll: Basic ikafanana palibe nkhani achemwali. Ovataimu munthu amaigwirira.

Mayi Fatsani: Amaigwirira inde koma roster amalemba ndani? Kumene ndinkagwira kale foromani ankangonena kuti azimayi usiku ayi ali ndi ana, osawafunsa n'komwe. Mayi wina mpaka analira kuti sukulu fizi akulipira yekha, shift imeneyo akuifuna

Che Mdala: NaBanda werengani Employment Act ya 2000 section 6, malipiro ofanana pa ntchito yofanana phindu lake, ndipo remuneration m'lamulomo ikuphatikiza ma alawansi ndi ma benefit, si basic yokha. Za matenite ndi section 47, masabata 8 malipiro onse, ndipo zomuyenera zimapitirira kuwerengedwa. Wa notch uja akapita ku IRC, khoti la nkhani za ntchito, mudzatuluka thukuta.

Achimwene Payroll: Lamulo silinati mugawane ovataimu mofanana akulu. Basic ikafanana basi

Mayi Fatsani: Onaninso offer yoyambira, chizolowezi choitanitsa payslip yakale chija. Amene ankaponderezedwa uko amabwera nazo zochepazo, ife n'kuwonjezera pang'ono, bambo akakana offer timamukwezera, mayi akakana akuti ndi wamwano

NaPhiri: Chenjerani sisi, spreadsheet imeneyo musatumizire munthu pa WhatsApp, ngakhale a union. Mnzanga anachotsedwa ntchito pa mlandu woulula zinsinsi, nkhani ya malipiro inathera pompo. Chotsani maina, ikani giredi ndi zaka za ntchito basi. Ndipo musalembe mawu oti tsankho, abwana akangoona amenewo amatseka fayilo

Che Mdala: Komanso wina asakuuzeni kuti mutsitse za abambo kuti zifanane, umenewo ndi mlandu wina.

Achimwene Payroll: Ine ndanena, basic.

NaPhiri: Achimwene tamva. Paja arrears (ndalama zotsalira m'mbuyo) ya notch imeneyo akaibweza, 10% imene kampani imaika ku penshoni mukuwerengera mwezi ndi mwezi kapena pamodzi? Sisitimu yathu ikukana