Wojambula UI alowe pati sprint ikakhala ya masabata awiri?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Gulu likamagwira ntchito ndi Scrum (njira yogawa ntchito m'nyengo zazifupi zotchedwa sprint), wojambula UI (maonekedwe a pulogalamu pa sikirini) akayamba kujambula mu sprint momwemo, olemba khodi amakhala manja lende kumudikira. Akajambuliratu zonse, zambiri zimatayidwa zofuna za kasitomala zikasintha. Ayende bwanji limodzi?

Yankho loyamba:
Atsogole ndi sprint imodzi basi. Anzake akamalemba khodi ya sprint 5, iye akonze za sprint 6, kwinaku akuyesa pa anthu zomwe zinatuluka mu sprint 4. Anthu asanu amakwana kuti zolakwika zikuluzikulu zionekere. Koma asaiwale sprint yomwe ili mkati. Funso likagona masiku awiri osayankhidwa, wolemba khodi amangosankha yekha, ndiye azipezeka pa msonkhano wa mphindi 15 tsiku lililonse.

Yankho lachiwiri:
Achimwene, nthawi si vuto lalikulu kwenikweni. Chimene chimapweteketsa ndi zosowa m'chojambulacho. Mu Figma, pulogalamu yojambulira, zonse zimaoneka bwino: dzina lalifupi, mndandanda wa zinthu zitatu, netiweki yosavuta. Nanga mndandandawo ukakhala wopanda kanthu pazioneka chiyani? Deta ikamachedwa kubwera? Seva ikakana? Dzina likatalika mpaka mizere iwiri pa foni ya 360dp m'lifupi (dp ndi muyezo wa kukula pa sikirini ya Android)? Munthu akadina batani lolipira kawiri? Wojambula akapanda kuyankha mafunso amenewa, amayankha ndi wolemba khodi tsiku lomaliza la sprint, ali pa liwiro, ndipo pamatuluka uthenga wongoti "Error 500" womwe wogwiritsa ntchito sangaumve.

Choncho pa backlog refinement (msonkhano wokonza backlog, mndandanda wa ntchito zimene zikudikira) wojambula ndi wolemba khodi akhale pansi, adutse sikirini iliyonse: yopanda kanthu, yodikira, yolakwika, yodzaza. Pomwepo wolemba khodi anene zimene API (njira imene pulogalamu imalandirira deta kuchokera ku seva) ikupereka. Wojambula akhoza kuika chithunzi cha wogula pakona pamene API imabweza dzina lokha. Zikadziwika pa refinement amangochotsa chithunzicho, koma zikadziwika mkati mwa sprint ntchito yonse imaima.

Yankho lachitatu:
Ndikugwirizana nazo, ndingowonjezera za miyezo. Mitundu ndi mipata zikhale ndi mayina amodzimodzi mu Figma ndi mu khodi. Wojambula akati "primary" kapena "space-2", wolemba khodi asakopere nambala ya mtundu pamanja, chifukwa umu ndi mmene pulogalamu imodzi imakhalira ndi mitundu ya buluu ingapo yosiyana pang'ono. Mabatani ndi mabokosi olembamo muwaike mu Storybook, chida choonetsera zidutswa za UI, kuti onse aziona zimene zilipo kale.

Mu Definition of Done (mndandanda wa zofunika kuti ntchito ionedwe kuti yatha) lembanimo kuti wojambula waona ntchitoyo pa foni yeniyeni isanatsekedwe. Malo odina asachepere 48dp pa Android kapena 44pt (muyezo wofanana ndi dp) pa iOS, ndipo mtundu wa zilembo wamba usiyane ndi wa kumbuyo kwake ndi 4.5:1 monga anenera WCAG, malangizo othandiza kuti ngakhale olumala athe kugwiritsa ntchito pulogalamu. Zosiyana pang'ono ndi chojambula zikonzedwe mu sprint momwemo. Zikapita ku backlog zimakwiririka ndi ntchito zatsopano.