Nissan Note yasiya kukoka nditatsuka throttle body, ndithandizeni

Bambo a Tadala, Nchalo

Akuluakulu ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndili ndi Nissan Note ya 2008, injini HR15, giya ya CVT. Kwa miyezi ingapo ikaima pa aidulo imanjenjemera, nthawi zina nkuzima ndikayatsa AC, ndiye Loweruka ndinati ndiione ndekha pakhomo. Fumbi lake lakunoli mukulidziwa, fyuluta ya mpweya ndinaipeza yofiira ngati njerwa. Ndinaika yatsopano, kenako ndinamasula paipi yakuda ya mpweya ija nkutsuka throttle body (khomo lolowera mpweya mu injini) ndi mankhwala opopera a carb cleaner, mkati munali zakuda zomata bii, ndinachita kukankha kachitseko kake ndi chala kuti nsanza ifike kuseri. Kasensa kali pafupi ndi bokosi la fyuluta nako ndinakazula nkukapopera pang'ono.

Nditabwezera zonse galimoto inalira, koma nyali ya check engine yayaka osazimanso. Ndikaponda moto mpaka pansi singano ya ma rev a injini ikungofika cha m'ma 2,400 nkuima pomwepo, injini kumadukizadukiza ngati wina akuitsina pakhosi. Dzulo ndinayesa msewu, kuchoka pa Nchalo kudutsa Bereu mpaka pa Dyeratu ndinayenda ngati ngolo ya ng'ombe, malole a shuga kumandiimbira hutala kumbuyo. Nditawoloka Kamuzu Bridge ndinafika pa Thabwa nkuyang'ana chitunda chija ndinangotembenuka, sikanakwera. Lachisanu ndikuyenera kupita ndi mayi anga ku Queens kukaonana ndi adokotala, ndipo ndi msana wawo uja minibasi sangaikwanitse. Ndaononga chani? Ndigule throttle body ina?

Makaniko wa pa Dyeratu

Achimwene musagule kanthu kaye. Nambala mwatchulayo ndi imene yandiuza nkhani. Ma Nissan amenewa kompyuta ikasiya kumva MAF sensor, kasensa koyeza mpweya munakazulako, imadula mafuta injini ikafika cha pa 2,400 kuti isaonongeke. Ndiye pitani pa sensapo. Zimitsani kiyi, zulani pulagi yake, yang'anani timano take ngati tapindika kapena tachita dzimbiri, ibwezereni mpaka mumve kuti thwa. Ambiri amangoikankha pang'ono ikuoneka ngati yalowa pomwe sinagwire. Onaninso ngati sensayo simunaiike chozondoka.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi carb cleaner uja. Mkati mwa sensa muli kawaya kopyapyala kamene kamatenthedwa ndi magetsi, mpweya ukamadutsa nkumakaziziritsa kompyuta imadziwa kuchuluka kwa mpweyawo. Mankhwala amphamvu amatha kukaononga, kali ndi mankhwala akeake olembedwa MAF cleaner, ndipo sikakhudzidwa ndi nsanza kapena kamtengo. Mukaika galimoto pa makina a diagnosis mudzaona code, nambala yosonyeza vuto, ikakhala P0102 ndiye kuti signal ya sensa ndi yotsika kapena palibiretu. Ikakhala P2135 nkhani yasintha, ndi masensa a mu throttle body momwemo amene sakugwirizana.

Zokankha kachitseko ndi chala zija musadzabwerezenso kiyi ili on. Throttle imeneyi ilibe waya wochokera ku phazi ngati ma Corolla akale, imayendetsedwa ndi kamota ndi timagiya tapulasitiki, ikhoza kukupanani chala kapena timagiyato nkuthyoka.

Dalaivala wa Sienta, Ngabu–Bangula

Ine ndinganene mafuta bwana. Nthawi ija petulo amasowa tonse tinkathira wa m'zigubu, yanga inayamba chimodzimodzi, kuponda osayankha, tinapeza kasefa ka pampu mu thanki katatsekeka ndi zinyalala. Munathira kuti komaliza?

Mayi a Chisomo, Bangula

Akulu a Sienta, galimotoyi imayenda bwinobwino mpaka tsiku limene anaimasula, ndiye tiyambire pamene manja anagwira. Mafuta tiwaganizire pambuyo.

Bambo a Tadala, ine si makaniko koma Nissan Tiida yanga inandiphunzitsa. Mphwanga anaitsuka throttle ngati mmene mwachitiramu, itangolira aidulo inakwera mpaka 1,500, ukaika D galimoto kumafuna kuthawa yokha phazi lili pa buleki, pa msika wa Bangula pamene njinga za kabaza zimangodutsa paliponse ndinkachita mantha zedi. Zinthu zinali ziwiri. Choyamba paipi yakuda ya mpweya ija inali itang'ambika pansi pa makwinya ake, kutentha kwa kunoku labala amauma nkukhala ngati chikopa chakale, ukangoipinda pomasula imasweka malo osaoneka. Mpweya ukalowera pamenepo sensa siiuwerenga. Ichotseni muitembenuze pa dzuwa, muipinde pang'onopang'ono muone ngati sipatseguka kamwa, ndipo timabande tonse tiwiri mumange bwino. Chachiwiri kompyuta inali itazolowera throttle yakuda, itayera inafunika kuphunzitsidwanso. Apo ndiye akufotokozereni a makaniko, ine ndinangoonerera.

Makaniko wa pa Dyeratu

Mayi anena zoona. Koma kuphunzitsako kumatheka pokhapokha vuto la sensa litatha, apo ayi mungotaya nthawi. Zikakhala bwino chitani izi, mukhale ndi wotchi yoonetsa masekondi chifukwa mukaphonya pang'ono sizigwira.

Yendetsani galimoto mphindi 10 kuti injini ndi giya zitenthe. Imani, giya pa P, chiwongolero chowongoka, AC, wailesi, magetsi zonse zozima. Phazi lisakhudze pedulo, kiyi on masekondi 2, off masekondi 10, kawiri. Mukazimitsa mvetserani ku boneti, mumva kamota ka throttle kakudziyendetsa. Kenako kiyi on osaliza injini, dikirani masekondi 3, pondani pedulo mpaka pansi nkusiya kasanu mkati mwa masekondi 5. Dikirani masekondi 7, pondaninso mpaka pansi osachotsa phazi, check engine iyamba kuphethira, pakatha masekondi ngati 20 isiya kuphethira nkuyaka chiyakire. Pomwepo chotsani phazi musanathe masekondi 3, lizani injini muisiye pa aidulo. Ikhale cha m'ma 650 kapena 700. Batire ikakhala yofooka sizitheka, ndipo kukanika koyamba si zachilendo, ine ndemwe nthawi zina ndimabwereza katatu. Zikakanikiratu aliyense amene ali ndi makina abwino a diagnosis amachita zimenezi mphindi zochepa.

Bambo a Tadala, Nchalo

Takhuta nonse. Ndangoweruka ndathamangira pa galimoto. Pulagi ya sensa inalidi yosalowa, kaloko kake kapulasitiki kanathyoka mwina pomwe ndimazula paja, ndangoigwira ndi zala ziwiri yatuluka yokha. Ndaikankha mpaka mkati nkuimanga ndi cable tie. Paipi ndaitembenuza pa dzuwa monga mwanenera mayi, ili ndi timing'alu pamwamba koma sinabooke, ndidzagula ina ku Blantyre Lachisanu lomwelo. Singano tsopano ikudutsa 3,000 bwinobwino, ndafika pa Bereu nkubwerera ikukoka ngati kale.

Aidulo yokha ndi imene ili pa 1,100. Zophunzitsa zija ndayesa kawiri, mwana wanga akundiwerengera masekondi pa foni, nyali siikuphethira, ndikuganiza kuti ndikuchedwa pa kuponda kasanu paja. Ndiyesanso mmawa kusanatenthe. Funso lina a makaniko, check engine ikadali yoyaka, izima yokha kapena mpaka makina? Ndipo ngati aidulo ikhalabe pamenepo, chitunda cha Thabwa ndingakwere nayo ndi mayi Lachisanu?

Makaniko wa pa Dyeratu

Vuto likatha nyali imazima yokha mukailiza ndi kuyenda maulendo angapo, koma musanyamuke ndi odwala musanadziwe code imene ili mkatimo. Kukwera ikwera, chimene sindikufuna ndi kutsika chitunda chija pobwerera aidulo ili pamwamba, mabuleki amagwira ntchito yambiri pa makona aja nkutentha. Lachinayi mmawa dutsirani pano tiiike pa makina, tifufute code nkuiphunzitsa. Mubwere injini ili yotentha kale.