Kalavani ya alamu anga: ndingakwere nayo ku Chawe pa Hilux?

Aphunzitsi a ku Matawale:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Alamu anga atabwera pa Khirisimasi kuchokera ku Johannesburg anasiya kalavani yawo pakhomo panga, ati kubwerera nayo n'kungotha mafuta. Ndi ya Jurgens, yakalekale, ya matayala awiri, m'kati muli bedi, kasitovu ka gasi ndi kafiriji. Yakhala patsinde pa mango miyezi 7, moti nkhuku zayamba kuikira kunsi kwake. Tsopano ana andiimika mutu kuti akatsekera sukulu tikagone nayo kuphiri la Zomba, cha ku Trout Farm. Galimoto yanga ndi Hilux ya dizilo, giya wapamanja. Chikhalire ndinangokokako kangolo ka njerwa kuchokera ku Thondwe. Kodi chitunda chija ikwera, kapena ndikachita manyazi anthu ogulitsa mabulosi akuona?

Makaniko wa ku Chinamwali:

Aphunzitsi, kukwera ikwera, musadere nkhawa. Ikani giya 2, pokhota kwambiri giya 1, osaponda kilachi mwatheka, diso pa singano ya kutentha kwa injini. Chondiopsa ine ndi pobwerera. Kuchoka ku Chawe kufika m'tauni mumatsika mamita oposa 500 pa msewu wongokhotakhota, kalavani ikukukankhani kumbuyo njira yonse.

Ine zinandionekera. Ndinatsika phirilo ndi ngolo ya matabwa, phazi lili pa buleki kuyambira pamwamba. Tisanafike n'komwe pakati ndinamva fungo ngati munthu akuwotcha tayala, kenako buleki inafewa ngati ndaponda nthochi yakupsa. Galimoto ndinaigwetsera m'ngalande ya kumbali ya phiri, dala, chifukwa mbali inayo ndi phompho. Mnyamata wanga anatsika n'kukhala pansi osayankhula. Chiyambire tsikulo, giya amene ndakwerera ndi amene ndimatsikira. Injini ilire, isiyeni ilire, ndiyo ikugwira katunduyo. Buleki muziponda mwamphamvu kanthawi kochepa n'kusiya kuti izizire.

Musanaimange, onani kumutu kwa kalavaniyo. Pali chitsulo chomwe chimalowa ndi kutuluka ngati pampu ya njinga. Galimoto ikachepetsa liwiro kalavani imakankha, chitsulocho chimalowa n'kukoka mawaya a mabuleki ake. Pa miyezi 7 ya mvula ndi fumbi chikhoza kukhala kuti chagwidwa ndi dzimbiri, ndiye kuti kalavani ilibe buleki olo pang'ono. Chipakeni girizi, muikwezenso pa jeki n'kuzunguza tayala lililonse ndi dzanja. Likamalira kuti kwerekwere kapena kugwedera, mabering'i atha.

Matayalawo musanyengeke ndi mano. A kalavani satha ndi msewu, amatha ndi zaka ndi dzuwa. Pambali pa tayala pali mawu akuti DOT, kumapeto kwake manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chomwe linapangidwa. Mutiuze mwapeza chiyani.

Mayi a ku Sadzi:

Zonse anena a makaniko n'zoona, koma ine ndiwonjezere za kalongedwe, poti kwathu wolongedza ndine. Zolemera monga zigubu za madzi, thumba la makala ndi mapoto ziikeni pansi, pamwamba penipeni pa matayala. Mukaunjika kumbuyo, kalavani imavina mchiuno pa msewu, ndipo ikayamba kuvina imatenga ndi galimoto yomwe. Kumutu kuzilemerako: kalavani ya makilogalamu 1,000 izitsamira pa chitsulo cha galimoto ndi makilogalamu 70 mpaka 100. Ife tinayeza ndi sikelo yopachika ija ya ogula chimanga, bambo akunyumba akuseka, koma inagwira ntchito.

Gasi muzitseka pa silinda penipeni mukamayenda. Kafirijiko, ngati ndi ka gasi, sikazizira kalavani ikapendekeka, choncho mukafika yambani mwaiwongola ndi matabwa kunsi kwa tayala. Ndipo anyani a kumeneko, aphunzitsi! Ife anatilowera pa zenera n'kutenga buledi yense ndi paketi ya shuga, ife tili pa damu la Mulunguzi kujambulitsa. Tsekani chilichonse. Mwezi wa Julaye kumtundako kumazizira zoopsa, tengani mabulangete owirikiza, ndipo chifunga chikatseka phiri musatsike, dikirani chiyere.

Ku Chingwe's Hole ndi ku Emperor's View pitani ndi galimoto yokha. Misewu ya fumbi ya pamwambapo ndi yopapatiza, mukakumana ndi lole ya mitengo mudzafunika kubwerera chambuyo, ndipo kubweza kalavani ndi luso lina. Kayeserenitu pa bwalo la mpira Loweruka m'mawa. Gwirani chiwongolero cha m'munsi, komwe dzanja lapita n'komwe kalavani ilowere.

Dalaivala wopuma:

Palibe watchula mapepala. Laisensi ya B imalola ngolo yosapitirira makilogalamu 750. Kuposa apo pamafunika EB, ndipo makalavani ambiri amapitirira. Kulemera kwake kwalembedwa pa kachitsulo ka kumutu kwake. Chinanso, ngati ikadali ndi nambala ya ku South Africa, ndiye inalowa pa chilolezo cha kanthawi, ndipo miyezi 7 ndi yambiri. Afunseni alamu anuwo pepala lomwe anapatsidwa pa chipata, mupite nalo ku MRA musanaitulutse pa msewu wa M3. Magetsi a kumbuyo ndi ma indiketa muwayesenso, makoswe amakonda mawaya a chinthu chongokhala.

Aphunzitsi a ku Matawale:

Zikomo kwambiri nonse. Ndagwada pansi ndi tochi, pa tayala palembedwa 2314, ndiye kuti ndi la 2014, ndipo m'mbali mwake mwachita ming'alu. Chitsulo cha kumutu chija ndachikankha ndi mwana wanga wamkulu, sichikusuntha. Laisensi yanga ndi B. Alamu ndawaimbira kawiri, sakuyankha. Ana ndawauza kuti ulendo uno tikagona mu tenti, andikwiyira onse atatu. A makaniko, kodi Loweruka mungafike ku Matawale ndi girizi wanu, kapena ndidzakutengeni?