Fairmont V8 ya 1971 yagona pabwalo zaka 14, ndiyambire pati ndi ndalama zochepa?

Wa_kuThyolo

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kwathu ndi ku Thyolo koma ndili kuno ku Joni, ndimagwira ntchito pa galaja ina ku Germiston. Zomwe ndimagwira ndi galimoto za masiku ano, zomwe umalumikiza kompyuta n'kukuuza pomwe pakupweteka. Zakale sindinazizolowere.

Mwezi watha kasitomala wathu wachikulire anandiitana kunyumba kwake kuti ndikamusinthire batire. Kuseri kwa nyumba ndinaona galimoto yofunditsidwa lona, matayala atalowa m'dothi. Kuvundukula, Ford Fairmont ya 1971, zija ankazilumikiza ku Port Elizabeth potengera Falcon ya ku Australia. Si GT ija ya injini ya 351 yomwe anthu a ndalama amalimbirana. Ndi ya 302, otomatiki. Akuti anaiimika zaka 14 zapitazo itayamba kutaya madzi. Anandigulitsa R22,000, ndalama yomwe timasungira malata a nyumba ya kumudzi, ndipo mayi a kunyumba anavomera nditawafotokozera chifukwa chake.

Chifukwacho ndi ichi. Malemu bambo anga anabwera kumigodi kudzera ku Wenela, ndipo anabwerera kumudzi Kamuzu ataletsa ulendo wa kumigodi, ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha a Malawi oposa 70. Anabwera ndi wailesi, bulangete ndi chithunzi chimodzi. Pachithunzipo avala chipewa, atsamira galimoto yamtundu womwewu. Siinali yawo, anangopempha kujambulitsapo. Ndinakula ndikuchiona pakhoma, ndiye nditavundukula lona lija miyendo inandizizira.

Mmene ilili: injini yagwira, ndayesa kupotokola ndi chitsulo koma osasuntha. Buleki ukaponda imangofika pansi. M'thanki mukununkha ngati vanishi. Pansi pomwe amaponda dalaivala pali bowo loti nkhonya imalowa. Makoswe adya mpando wa kumbuyo ndi mawaya ena. Koma magalasi onse alipo, ndipo mabampala akuwalabe.

Pamwezi ndingakwanitse R2,500 basi, nthawi ndi Lamlungu lokha, ndipo ili pabwalo la landilodi popanda denga. Mnzanga wina kuntchito akuti ndiphwasule zonse mpaka itsale chigoba. Wina akuti nditaye injiniyo ndiike V8 ya Lexus monga ambiri amachitira kuno. Ndiyambire pati?

Madala_aNdirande

Mwana wanga, nkhani ya chithunziyo yandikhudza, mkulu wanga nayenso anali wa Wenela. Ndagwira sipanala zaka zoposa 40, ndiye undimvere pa ichi chimodzi: usaiphwasule. Wokuuza zimenezo ali ndi galaja ya denga ndi thumba lozama. Ine ndinaphwasulapo Peugeot 404 yanga ndili ndi changu ngati chakocho. Mabawuti ndinaika m'zitini za mkaka, mvula inabwera, ana anatenga zitini kukaseweretsa, ndalama ya fizi inalowererapo. Inatha zaka 6 ili pamiyala mpaka ndinagulitsa kwa a zitsulo pa sikelo.

Injiniyo uyambe kuinyengerera ili momwemo. Chotsa mapulagi onse 8, uthire m'mabowomo dizilo wosakaniza ndi oyilo wofiira wa giyabokosi ya otomatiki, ubwezeretse mapulagi mosamanga kuti fumbi lisalowe, uisiye sabata. Kenako uike soketi pa bawuti ya kutsogolo kwa kirankishafuti, ugwedeze pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere. Osakwerapo ndi phazi, osaonjezera paipi. Ikakana, thiranso, dikiranso. Pali chifukwa china choimasulira ili m'galimoto: pa otomatiki, manati a torque converter, chija chimalumikiza injini ndi giyabokosi, umawafikira limodzilimodzi pozunguza injini. Ikakhala yogwira, kuitulutsa kwake ndi nkhondo.

Masipanala ako a kuntchito usawayandikizitse. Mabawuti ake ndi a mainchi, osati mamilimita. Sipanala ya mamilimita 13 imaoneka ngati yalowa pa bawuti ya 1/2, koma ikakumana ndi dzimbiri imangolisalaza mutu. Kagule 7/16, 1/2, 9/16 ndi 5/8, ndi soketi ya 15/16 ya kirankishafuti ija. Zogwiritsidwapo kale ntchito zimakwana.

Uwerengenso mabawuti a pa chivindikiro cha mavavu. Akakhala 6 injiniyo ndi ya mtundu wa Windsor, akakhala 8 ndi ya mtundu wa Cleveland. Zaka 50 n'zambiri, wina akhoza kuti anasinthapo injini, ndipo magasiketi a ziwirizi salowana.

Ikamasuka usathamangire kuiliza. Oyilo watsopano wa 20W-50 ndi sefa, uchotse distributor, chija chimagawa moto ku mapulagi, uzunguze pampu ya oyilo ndi dirilo mobwerera kumanzere mpaka oyilo afike pamwamba. Petulo achokere m'kabotolo, osati m'thanki yonunkhayo. Madzi ankatayika aja ndikukayikira timabatani ta m'mbali mwa injini, ma welch plug. Timadyeka ndi dzimbiri, koma mtengo wake ndi wochepa.

NaPhiri_Pretoria

Achimwene, musanagule ngakhale dizilo wa madalawo, mapepala ali kuti? Simunawatchule. Amuna anga anakonza bakkie yakale chaka chathunthu, pomaliza n'kupeza kuti nambala ya injini siikugwirizana ndi ya pa pepala. Inangokhala yoyendera m'mpanda.

Bwererani kwa mkuluyo akadali ndi mphamvu. Akupatseni pepala lenileni la umwini, kope ya ID yake, ndipo asayine fomu yosinthira umwini. Mufananitse nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zomwe zalembedwa, chilembo ndi chilembo. Mukafunse ku ofesi ya malayisensi ngati galimotoyo ikuonekabe m'kaundula ndiponso ngati ili ndi ngongole ya layisensi, poti zaka 14 ikhoza kuti inachotsedwamo. Ikakhala yochotsedwa, mudzadutsa ku polisi kukatenga clearance, kuikitsa ma microdot (timadontho tozindikiritsa galimoto), kenako roadworthy (kuiyeza ngati ndi yoyenera kuyenda pamsewu). Ife obwera timafunikanso Traffic Register Number kuti galimoto ilembedwe m'dzina lathu. Ngati mulibe, yambani pano, imatenga nthawi.

Za Lexus zija dziwani kuti mukasintha injini mubwereranso ku polisi. Ndipo landilodi mugwirizane naye poyera kuti galimotoyo ikhala miyezi ingati pabwalo pake.

Wowotcherera_Biwi

Madala anena zoona kuti osaphwasula, koma ine ndisiyana nawo pa poyambira. Injini ya 302 ikafa ina imapezeka, anazipanga zambirimbiri. Thupi la Fairmont likafa, mulitenga kuti? Ine ndimawotcherera kuno ku Lilongwe, ndipo anthu amandibweretsera galimoto atawononga kale ndalama pa injini, ine n'kuwaonetsa kuti pansi pake ndi bisiketi.

Bowo la pansi pa dalaivala lisakuopseni, ndi ntchito ya tsiku limodzi. Funso ndi lakuti madzi omwe anaboolawo ankachokera kuti. Tengani ndowa, muthire madzi pa timipata ta mphepo tili pakati pa boneti ndi galasi la kutsogolo, wina agone m'kati ndi tochi akuyang'ana kuseri kwa dashibodi. Masamba amadzaza m'menemo, madzi amaima, chitsulo chimaola kuchokera m'kati. Akadontha, ndiye gwero lake. Mukawotcherera pansi osatseka apo, pakatha mvula ziwiri mubwereza.

Kenako sikuludiraiva. Bayani mwamphamvu m'munsi mwa zitseko monse, pansi pa buti, pomwe masipuling'i a kumbuyo agwirira, ndi njanji ziwiri za kutsogolo zomwe zanyamula injini. Galimotoyi ilibe chasisi yapayokha ngati lole, thupi lomwelo ndiye mafupa ake. Njanjizo ndi pogwirira masipuling'i zikakhala zolimba, pitirizani. Zikaboka, ndikuuzani mosabisa amwene, R2,500 pamwezi siikwana. Yendetsaninso maginito m'thupi lonse. Pomwe sakumata pali body filler, phala lomatira mabowo, lomwe munthu wina anapakapo.

Zigamba musagule. Denga kapena chitseko cha galimoto ya ku sikirapu chimapereka chitsulo chabwino. Jambulani bowolo pa katoni, dulani chigamba molingana, dulani chowola mpaka mufike pa chitsulo chowala. Wotcherani modontheza, apa, uko, apa, kuti chisapindike ndi moto. Thanki ichoke kaye ndipo ikhale kutali, ngakhale ikuoneka youma. Kapeti ndi zonse zoyaka zituluke, ndowa ya madzi pambali. Ndipo musalowe pansi pa galimoto yokhala pa jeke kapena pa njerwa. Mnzathu wina kuno njerwa inaphwanyika ali pansi, mpaka lero amayenda chotsimphina.

Penti yokongola iwalani kaye. Pomwe mwakonza pakani primer ndi penti iliyonse yotseka madzi, chifukwa primer yokha imamwa chinyezi.

Madala_aNdirande

Wa ku Biwi wanena bwino, ndavomera. Dizilo akumwerera m'masilinda, iwe ukubaya thupi, palibe chotsutsana.

Ndiwonjezere za mabuleki, poti mphamvu ya V8 pa mabuleki a zaka 14 ndi maliro. Mapaipi onse a labala, makapu a master cylinder, masilinda a m'madiramu a kumbuyo, zonse zatsopano, osapemphetsa. Ntchito imeneyo ndi yako kale. Matayala akhoza kuoneka a mano koma anauma, ndi oyendera pabwalo pokha.

Ndikudziwa mtima wako ukufuna kudzaiimika ku Thyolo. Injinizi anazipangira petulo wa mtovu, yemwe anasiya kugulitsidwa mu 2006 kuno ndi komweko. Poyenda pang'onopang'ono palibe vuto, koma tsiku lomwe udzatsegule mitu ya injini, udzaikitse mipando ya mavavu yolimba. Komanso petulo wa kuno kwathu amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo amadya labala wakale wa m'mapaipi, m'pampu ya petulo ndi m'kabureta. Udzasinthiretu usanaoloke pa Mwanza. Lexus ayi. Pachithunzi cha bambo ako panalibe Lexus.

Wa_kuThyolo

Zikomo nonse, ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndibwere ndi zenizeni.

Mayi NaPhiri, munandipulumutsa. Ndinapita Loweruka lomwelo, ndinapeza mkuluyo akulongedza, akusamukira kwa mwana wake ku Durban kumapeto a mwezi. Pepala linali m'kabati, manambala agwirizana onse, wasayina. Galimotoyo inachotsedwadi m'kaundula, ndiye njira ya ku polisi ikundidikira. Traffic Register Number ndili nayo. Landilodi wandipatsa chaka, bola ndizimukonzera galimoto yake.

Madala, mabawuti ndi 6. Sabata yoyamba inakana. Ndinathiranso monga munanenera, ndipo Lamlungu lachiwiri, ndikugwedeza kumanzere, ndinamva kuti "tcha", chitsulo n'kutsika pang'ono m'manja mwanga. Ndinakhala pansi kaye. Madzulo ake inali ikuzungulira yonse, dizilo wakuda akutuluka m'mabowo a mapulagi, limodzi la kumbuyo likulavula dzimbiri lofiira. Sindinailize. Welch plug imodzi ndinaiboola ndi chala.

Akulu a ku Biwi, njanji ndi pogwirira masipuling'i sikuludiraiva inangodumpha, kulira kwake kwa chitsulo chamoyo. Koma ndowa ija yandiuza zowawa. Mwana wanga wamkazi ndiye anagona m'kati ndi tochi, ndisanamalize kuthira anakuwa kuti akunyowa. Ndatulutsa masamba odzaza jumbo m'menemo. Bowo lili pakona ya kumanja, m'kati mwenimweni, dzanja limafika koma ndodo yowotcherera siingafike. Mwezi uno ndalama yapita ku masipanala ndi lona latsopano, wamawa ndi wa mabuleki. Kodi pamenepo mumadula chitsulo cha pamwamba n'kudzachibwezeretsa, kapena mumalowera m'kati mutachotsa dashibodi? Galasi la kutsogolo ndikuopa kulichotsa, labala yake yauma ndipo likasweka sindikudziwa komwe ndingapeze lina.