Chikwangwani cha Chauncy Maples: tiikepo ndalama za gulu kapena ayi?

Wapampando: Akuluakulu, ganizo labwera loti tikhome chikwangwani cha mbiri ya sitima ya Chauncy Maples pafupi ndi doko kwathu ku Monkey Bay. Yankhulani tisanakhudze thumba.

Msungichuma: Pepani a Wapampando, mjigo wa kusukulu udakali wowonongeka. Ana azimwa mbiri?

Aphunzitsi opuma: Mayi, mjigo palibe akuukana. Koma anawo amakula akuiona sitimayi osadziwa kuti n'chiyani. Anaipanga ku Glasgow, n'kubwera nayo zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire. Pa mathithi, boila yake ya matani 11 inakokedwa pamtunda ndi anthu. Inalowa m'madzi mu 1901, ya amishoni a mpingo wa Anglican otchedwa UMCA, dzina n'kutenga la bishopu wa ku Likoma amene anamira m'nyanjamu mu 1895. Inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala choyandama. Nkhondo itabuka mu 1914, boma la atsamunda linailanda kuti izinyamula asilikali ndi katundu wa nkhondo kupita kumpoto.

Mnyamata wa ku Johannesburg: Ndiye ndi imene inaphulitsa sitima ya Ajeremani ija eti, madala?

Aphunzitsi opuma: Ayi mwanawe, imeneyo ndi Guendolen, ya boma. Pa 13 Ogasiti 1914 inapeza Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuiombera. Mzinga wake uli ku Mangochi pafupi ndi wotchi ija. Funso lakoli ndilo chifukwa chake tikufuna chikwangwani.

Amayi a ku Lilongwe: Ine ndivomera pokhapokha mulembepo za anthu athu. Sitima ya nthunzi inkayendera nkhuni, odula anali ndani? Katundu akatsika pagombe, ankamusenza pamutu ndi amtengatenga, ambiri osabwerako. Ngati n'chotamanda bishopu ndi akapitawo achizungu okha, yanga ndalama ipite ku mjigo.

Msungichuma: Komanso tisaiwale, panabwera anthu akunja ndi ganizo loisandutsa chipatala chapanyanja, ndalama n'kusonkhedwa, koma sizinatheke. Ife kathumba kathuka tingathe chiyani?

Aphunzitsi opuma: Sitikukonza sitima ayi, Mayi. Thabwa, utoto ndi mawu basi. Zomwe anena amayi a ku Lilongwe zilowe, pamodzi ndi zoti boma linaigula mu 1953, ndipo mu 1967 anaichotsa nthunzi n'kuika injini ya dizilo, n'kuyamba kunyamula anthu ndi katundu. Ena a ife tinaikwerapo.

Mnyamata wa ku Johannesburg: Utoto ndilipira ine. Koma mawu akhale m'Chichewa ndi m'Chiyao, Chingerezi pansi.

Wapampando: Chabwino. Mjigo uyambe, kuchokera m'thumba. Chikwangwani tichita msonkhamsonkha wapadera. Aphunzitsi, tumizani mawuwo pano Loweruka tiwaone tonse. A Mlembi, lembani kalata kwa amfumu ndi akuluakulu a padoko yopempha malo.

Msungichuma: Amene simunapereke za mwezi watha, nambala ndi yomwe ija.