Kodi kompyuta ingatiuze tsiku lobzala chimanga ku Angónia?

Mlangizi, Ulongue:
Akuluakulu, tikumva za mapulogalamu a pakompyuta otchedwa APSIM, DSSAT ndi AquaCrop ya FAO (bungwe la UN loona za chakudya ndi ulimi), akuti zimayerekeza zokolola mbewu isanalowe m'nthaka. Zimafuna chiyani, ndipo tingazidalire mpaka pati polangiza mlimi?

Wazanthaka, Tete:
Choyamba ndi nyengo ya tsiku ndi tsiku, zaka 30 ngati n'kotheka: mvula, kutentha kwa masana, kuzizira kwa usiku ndi mphamvu ya dzuwa. Kumene INAM, bungwe la zanyengo la Mozambique, ilibe siteshoni, tengani mvula ya CHIRPS, kaundula wa pa intaneti wochokera ku masetilaiti ndi masiteshoni, woyambira 1981. Dothi lokha musatenge pa intaneti, achimwene. Kumbani dzenje la mita imodzi, mutape dothi pa masentimita 0-20, 20-50 ndi 50-100, akulabu alipime mchenga, makande ndi chonde. Kenako muuze pulogalamu ibzale pa 15 Novembala, 1 Disembala ndi 15 Disembala m'zaka zonsezo. Sikulosera za chaka chino ayi. Ikuonetsani kuti pa zaka 30zo, tsiku lililonse linapsereza mbewu kangati.

Wazambewu, Tsangano:
Pomwe ambiri amagwera ndi pa mbewu. Pulogalamu imawerenga kutentha kodzikundika (kuphatikiza kwa tsiku ndi tsiku), osati masiku a pakalendala, ndipo chimanga chimaima kukula kukazizira kufika madigiri 8. Mbewu yomweyo imachedwa kuno kumapiri, ku Changara imathamanga. Ndiye lembani m'munda tsiku lobzala, lotulutsa ngayaye, la ndevu ndi lokhwima, nyengo ziwiri, muwongole nazo manambala a mbewuyo mu pulogalamu. Mukapanda kutero, zonse zotuluka n'zolakwika.

Ndipo musaiwale, munda wa m'kompyuta ndi woyera. Mulibe kaufiti, chiswe, kapena mbozi zomwe zinalowa mu 2017. Mlimi akapalira mochedwa sakolola zimene zalembedwazo.

Mayi mlangizi, Macanga:
Pa feteleza samalani. Pulogalamu imawerenga nayitrojeni, mlimi amawerenga matumba. Thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi nayitrojeni makilogalamu 23 okha. Pulogalamu ikati makilogalamu 46 pa hekitala, ndi matumba awiri.

CHIRPS imaphatikiza dera la makilomita 5, pomwe mvula yathu imagwa mudzi uno n'kudumpha winawo. Ikani choyezera mvula pabwalo losayandikana ndi mtengo, chiwerengedwe m'mawa uliwonse. Mlimi abzale ikakwana mamilimita 25 m'masiku atatu, ndipo akakumba ndi khasu apeze chinyontho chapitirira chikhatho.