Ndithandizeni: timabokosi ta JPEG tikuzimiririka ndikasindikiza

Akuluakulu odziwa za zithunzi, ndikupempha nzeru zanu. Ndimajambula dzimbiri la malata ndili pafupi kwambiri, kenako ndimapanikiza mwadala fayilo ya chithunzicho, yomwe ndi ya mtundu wa JPEG, mpaka timabokosi ta JPEG, ta mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, titaonekera, monga anachitira wojambula zithunzi Thomas Ruff wa ku Germany ndi zithunzi zimene ankatenga pa intaneti. Cholinga changa n'chakuti woona asadziwe msanga ngati akuona chitsulo chenicheni kapena ntchito ya kompyuta. Pa sikirini zimatheka ndithu, koma ndikasindikiza chithunzi chachikulu, m'mphepete mwa timabokosito mumasalala, ndipo kufiira kwa dzimbiri kumazilala, zomwe zimandiwawa kwambiri. Kodi ndichikulitse motani kuti ngodyazo zikhalebe zakuthwa, nanga ndi pepala liti, lonyezimira kapena losanyezimira, limene lingasunge bwino mtunduwo?